Mansa Si Monze

Ika pansi foniyo, Dalitso. Ndati pansi, osati m'thumba momwe uzingoyisisita ngati kamwana ka mphaka. Iwe Thoko, bwera nalo kuno bukulo, ukhale apa pamphasa. Manja asaime, nshawazi sizidzisenda zokha. Ine ndikufuna makutu anu basi.

Ndaona zimene wajambula, Thoko. Mwana wa giredi seveni, wobadwira mu Chipata mommuno, wajambula mapu a Zambia n'kuika Chipata kumadzulo, kumene kuli Mongu! Ndiye kuti tonsefe pano ndife Alozi? Amalume ako akamapita ku Mwami kukaoda zitenje amaoloka Zambezi pabwato? Ndakufunsa zigawo za dziko lino, wanditchulira zisanu ndi chimodzi, chimodzi mwa izo Kitwe. Kitwe n'chigawo? Ndiye m'malo mochita manyazi mwagwa nako kuseka nonse awiri, mkulu wakoyu n'kumati, "Agogo, izo n'zakale, masiku ano foni imakuuza njira." Iwe Dalitso, matauni a ku Ulaya kumene amamenya mpira umawadziwa onse, osewera ake mpaka mayina a akazi awo, koma Luangwa sudziwa kumene amathira. Foni yakoyo dzana inagona tsiku lonse ili duu magetsi atapita. Ikadakuthera moto uli pakati pa Lusaka ukadaloza kuti?

Mwandipsetsa mtima. Lero mumva zimene sindinakuuzenipo bwinobwino. Inu mumangodziwa kuti agogo anu aamuna anamwalira kalekale, kutali. Simudziwa kumene ndinali ine masiku amenewo.

Ine sukulu ndinangoilawa ngati ndiwo za mnzako. Kwathu ku Chiparamba ndinapitako miyezi isanu yokha, ndi sileti yong'aluka pakona imene tinkalandizana ndi mlongo wanga Gabiliyele. Sileti simuidziwa inu: kamwala kakuda kaphanthiphanthi, ukalemba umafufuta ndi malovu, ndiye nzeru ukapanda kuisunga m'mutu yapita. Mvula itagwa bambo anandiitana n'kunena kuti, "Mwana wamkazi adziwe njira ya kumunda, ya kuchitsime ndi ya kutchalitchi. Zinazo adzamudziwira ndi mwamuna wake." Gabiliyele anapitiriza. Ankabwera kunyumba akuimba mayina a matauni, ine ndili pamtondo. Mapu ndinawaonapo kamodzi, posuzumira pawindo la kalasi ya akuluakulu, ndipo ndinayesa nsalu ya maluwa imene aphunzitsi ayanika pakhoma. Bambo sanali munthu wankhanza, Mulungu awalandire. Koma mawu amene aja mpaka lero ndikawakumbukira malovu amandiwawa m'kamwa.

Mwamuna woti andidziwire zinazo anabweradi. Fulugensiyo Zulu, kalipentala, wamtali, wosalankhulalankhula, pensulo kukhutu ngakhale pa Misa. Kampando kamene wakhalirako Dalitso anapala ndi iwo, popanda msomali ngakhale umodzi, ndipo taona kakali kolimba kuposa masofa a amako amene anayamba kulira chaka chisanathe. Ankanditchula ndi mfunda wanga, Natembo. Tinakhala kwawo, pamodzi ndi apongozi anga a Najere, ndipo tinabereka atatu: azakhali anu a Lusiya, a Yohane, ndi Petulo, atate anu.

Petulo ali ndi miyezi inayi, agogo anuwo anapeza ntchito ya boma yokhoma madenga a nyumba za aphunzitsi, n'kuwatumiza ku Mansa. Ndinawafunsa, "Kodi ku Mansa n'kuti?"

"N'kutali, Natembo. Kupitirira Lusaka."

Basi, mapu anga onse anali omwewo. Dziko linali pawiri: kuno kwa Lusaka, ndi kupitirira Lusaka. Anati ndikatha kukolola adzabwera kudzatitenga.

Inafika nyengo yozizira, nshawa titakumba, tikutola thonje. Lolemba lina masana ndinaona akatekisiti, a Lungu, akukankha njinga m'mizere ya munda wathu, chinthu chimene sankachita. Anali ndi telegalamu. Imeneyo inali kalata ya mawu ochepa yoyenda pawaya, ndipo siinkabwera ndi nkhani yabwino. Anandiwerengera: "Zulu wadwala kwambiri. Bwerani msanga. Mansa." Anandipindira kapepalako, ine n'kukamanga pakona ya chitenje.

Apongozi sanalire. Anandikazingira chimanga ndi nshawa, anaotcha mbatata, anathira thobwa m'botolo. Kenaka anamanga kaufa koyera m'kansalu, nati, "Mukamuphikire phala la kwawo. Ufa wa kumeneko sitiudziwa." Lusiya ndi Yohane anatsala nawo. Petulo ndinamubereka kumbuyo. Inde Thoko, atate ako a mimba yaikuluwa, amene amakukalipira za nsapato, anayenda ulendo wonsewu ali kumsana kwangaku, akundinyowetsa.

Lachiwiri m'mamawa ndinakwera basi ku Chipata. Mabasi a nthawi imeneyo sanali awa a masiku ano okhala ndi kanema ndi mipando yogona. Pamwamba matumba, njinga, nkhuku, mkati fumbi. Katete, Petauke, Nyimba ndi nthochi zake, mapiri okhotakhota aja mpaka mlatho wa Luangwa. Njira yonse ndinkangonena chamumtima ngati kolona: Mansa, Mansa, Mansa. Tinalowa mu Lusaka dzuwa litalowa, ndipo ndinagona pasiteshoni pakati pa azimayi anzanga apaulendo.

Kutacha, phokoso lake! Mabasi ndandanda, lililonse ndi chikwangwani chake patsogolo, koma kwa ine zilembozo zinali ngati mapazi a nkhuku pamchenga. Amuna akukuwa mayina a malo, wina kukukoka dzanja, wina kukulanda chikwama. Ndinamva bambo wina wachipewa chofiira akukuwa dzina loyamba ngati la kumene ndinkapita lija. Ndinamuyandikira, ndinagwada pang'ono mwaulemu monga tinaleredwera.

"Pepani bambo, kodi iyi ndi ya ku Mansa?"

"Monze, Monze! Kwerani amayi, yatsala pang'ono kunyamuka."

"Ndati Mansa, bambo. Amuna anga ali m'chipatala ku Mansa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi anga afumbiwo. Anamva bwinobwino, ana inu. Chinyanja ankachidziwa ngati ine ndemwe. Anati, "N'chimodzimodzi, amayi. Inu a kum'mawa mumatchula mwanjira yanu. Kwerani." N'kunditengera chikwama yekha, kundipezera mpando wa pawindo. Ine mpaka ndinamuthokoza. Ndinati Mulungu akudalitseni!

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phulalo ndinalidya ndithu. Kufunsa kumathandiza munthu amene akudziwako pang'ono, woti akanamizidwa azindikire. Munthu uja anangofuna kuti mpando wake udzaze. Zaka zonsezi ndaulula machimo ambiri kwa ansembe, ndakhululukira anthu amene anandichita zazikulu, koma wachipewa chofiira uja ndimamukhululukira Lamlungu, Lolemba n'kumukwiyiranso.

Basi inanyamuka. Dzuwa la m'mawa linkandiotcha tsaya lakumanzere. Tamverani bwino apa. Munthu wochoka ku Lusaka kupita kumpoto m'mawa, dzuwa limakhala kudzanja lake lamanja. Ndikadangodziwa kanthu kamodzi kokha, kuti Mansa ili kumpoto, tsaya langa lomwe likadandiuza kuti tsika. Tinaoloka mtsinje waukulu, umene pano ndikudziwa kuti ndi Kafue. Tinadutsa minda ya nzimbe yosaona polekezera, ng'ombe zambirimbiri, anthu m'basimo akulankhula chinenero chimene sindinkamva. Zonsezo zinkakuwa kuti uku n'kumwera, kwa Atonga. Ine ndinkangoyamwitsa mwana. Titafika dzuwa lili pamutu ndinakondwa, ndinati kani sikutali monga ankanenera.

Ndinafunsa njira ya kuchipatala ndi manja, anthu anandilozera. Ndinalowa m'chipinda cha amuna, bedi ndi bedi, kusuzumira nkhope za amuna a eni ake. Ena anafunda kumutu, ine n'kumayang'ana mapazi, poti mapazi a amuna anga ndinkawadziwa. Ndinazungulira kawiri. Kachitatu anandiimitsa nesi wina, dzina lake Mutinta, amene anagwirapo ntchito ku Katete ndipo ankalankhula chathu.

"Mukufuna ndani, amayi?"

"A Zulu, kalipentala. Andiitana ndi telegalamu."

Ndinamasula pachitenje n'kumupatsa. Anawerenga, anandiyang'ana, anawerenganso. Kenaka anandigwira dzanja n'kundilowetsa m'kachipinda kena momwe munali mapu pakhoma, nsalu ya maluwa ija. Anaika chala pakati.

"Apa ndi pa Lusaka. Inu mwachokera uku, kum'mawa." Chala chinatsika pansi. "Pano muli apa. Pano ndi pa Monze." Kenaka chala chija chinabwerera pa Lusaka, n'kuyamba kukwera. Chinakwera, chinakwera, mpaka iye anachita kunyanyamphira. "Mansa ndi uku, amayi. Chigawo cha Luapula."

Ndinakhala pansi pasimenti, Petulo n'kuyamba kulira, ine osatha ngakhale kumutonthoza. Ndinali mayi wa ana atatu, wodziwa kulima ekala yathonje ndekha, wodziwa kuumba mbiya ndi kubereketsa mbuzi, koma dziko langa lomwe linandisandutsa chitsiru pamaso pa mtsikana wamng'ono kwa ine.

Mutinta uja, kulikonse kumene ali Mulungu amuone. Ananditengera kwake, anandisambitsira mwana, ndipo m'mawa mwake Lachinayi anandikweza lole ya alamu ake yopita ku Lusaka ndi chimanga. Tisanasiyane anatenga chikuto cha katoni n'kulembapo mayina awiri aja ndi zilembo zikuluzikulu, lina pamwamba lina pansi.

"Taonani, amayi. Onse akuyamba mofanana. Inu muziyang'ana chilembo chachiwiri. Chikakhala ngati denga la nyumba, kwerani. Chikakhala ngati dzira, musakwere, ngakhale wina alumbire."

Zilembo zanga zoyamba kuzidziwa bwino zinali zimenezo, denga ndi dzira. Sukulu ya mphindi ziwiri, pambali pa lole.

Lole inachedwa kutsitsa katundu m'njira, ndipo basi ya ku Mansa ndinaipeza itapita kale. Ndinakwera ya Lachisanu. Ndinaima patsogolo pake ndi kakatoni kanga, kufananiza chilembo ndi chilembo, anthu akundiseka. Asiyeni aseke, ndinatero. Ulendo wake unali wautali kuposa wa kwathu kuno, kudutsa Kabwe, kudutsa kumigodi, mpaka kudula pakati pa dziko la eni la Zaire, n'kuoloka mtsinje wa Luapula pachombo chonyamula galimoto. Ndinafika ku Mansa Loweruka dzuwa litapendeka.

Kuchipatala ananditumiza kwa a Chanda, kapitawo wa amuna anga, amene anatumiza telegalamu ija. Ndinawapeza pakhomo pawo akusamba m'manja, nsapato zili ndi dothi lofiira. Atamva dzina langa anavula chipewa. Chinyanja chawo chinali chothyokathyoka koma ndinamva zonse.

"Mayo, mwachedwa. Tawaika lero m'mawa."

Chinali chibayo. Anamwalira Lachisanu kukucha. Anzawo anadikira tsiku lathunthu, kenaka anaganiza kuti telegalamu siinafike. Ndinafunsa ngati ananenapo kanthu. A Chanda anayang'ana pansi.

"Lachinayi anali bwinoko, anakhala tsonga. Anatipempha kuti tiwasunthire bedi pafupi ndi windo loyang'ana kumsewu. Basi yochokera ku Lusaka italowa anati, 'Pitani mukaone, Natembo watsika imeneyo. Wabereka mwana.' Ndinapita, mayo. Ndinayang'ana onse otsika."

Werengani nokha, inu a sukulu. Ndikadakwera basi yoyenera Lachitatu lija, imene a Chanda anakaichingamira ikadakhala yangayo. Ndikadawapeza ali tsonga. Sindikunena kuti ndikadawachiritsa, ine si dokotala. Koma akadamwa phala la kwawo, akadamuona Petulo atamera mano awiri. Ufa uja ndinaphikira mwana phala m'nyumba ya a Chanda, ine osadya.

Anandiperekeza kumanda. Mulu wa dothi lofiira, mtanda wa matabwa umene anzawo anapala bwino ndithu. Anandipatsa bokosi lawo la zipangizo, ndipo ndinabwerera nalo njira yonse ija, kulisenza pamutu posintha mabasi.

Kumudzi uthenga unali utafika kale. Maliro opanda mtembo, ana inu, ndi chinthu chovuta. Anthu amalira koma maso alibe pogwera. Anthu atabalalika, apongozi anandiitana kuseri kwa nkhokwe. Maso awo anali atayamba kale kuchita khungu. Sanandifunse chifukwa chimene ndinachedwera, ngakhale tsiku limodzi sanandidzudzulepo. Anangoti, "Natembo, inu mwakaonako. Tandilozerani mbali imene mwana wanga wagona, kuti ndikamapemphera ndiziyang'ana kumeneko."

Ndinakweza dzanja, n'kulisiya m'malere. Ndinali nditapitako ndi mapazi angawa, koma misewu inandizunguza, sindinadziwe ngati n'kuseri kwa phiri kapena kumbali ya dambo. Kunama ndinaopa. Ndinati, "Amayi, sindidziwa." Iwo anangoti, "Chabwino, mwanangu," n'kubwerera m'nyumba akupapasa khoma.

Usandiyang'ane choncho Thoko, pukuta m'maso, sindinathe.

Chaka chomwecho a Lungu anayambitsa sukulu ya akuluakulu pansi pa mtengo wa mango kutchalitchi, Lachitatu ndi Loweruka masana. Ndinali woyamba kulembetsa. Azimayi anzanga ankati, "Namfedwa akufuna ukalaliki?" Bambo anga omwe anatuma mawu kuti ndikuchititsa manyazi. Ndinapita ndekha kukawayankha. Ndinagwada monga mwa mwambo, n'kunena kuti, "Bambo, munati zinazo adzandidziwira ndi mwamuna. Mwamunayo ali m'dothi ku Luapula. Tsopano andidziwire ndani?" Sabata yotsatira anatumiza Gabiliyele ndi buku lake lakale la mapu, lodyeka ndi chiswe m'mbali.

Buku limenelo ndinalidya ngati chimanga chokazinga, kamodzikamodzi. Ndipo ana anga sanapulumuke. Afunseni atate anu. Pabwalo ndinkajambula dziko lonse ndi kamtengo, mitsinje n'kuika makoko a nshawa ngati awa, malikulu a zigawo n'kuika miyala. Ndikati, "Yohane, choka pa Chipata upite ku Solwezi," iye ayende ndi mapazi, akutchula chigawo chilichonse chimene waponda ndi likulu lake: Kum'mawa, Chipata, Lusaka, Lusaka yemweyo, Pakati, Kabwe, Kumigodi, Ndola, mpaka Kumpoto chakumadzulo. Akaponda molakwa abwerere kukayambira pa Chipata. Lusiya ankakonda ulendo wa ku Mongu chifukwa ankalumpha Kafue ndi mwendo umodzi. Petulo, mutu wake wouma ngati wa Dalitsoyu, ankasokoneza Kasama ndi Mansa mpaka tsiku limene ndinamuuza kuti mwala uwo wauponda ndi pamene pagona atate ako. Sanalakwitsenso.

Ndipo musaganize kuti ndinaphunzira kamodzi n'kutseka mutu. Dziko limasintha. Pamene ndinkaphunzira zigawo zinali zisanu ndi zinayi. Atadula Muchinga, likulu lake Chinsali, ndinamva pawailesi n'kuwonjeza mwala. Atasamutsa likulu la Kumwera kuchoka ku Livingstone kupita ku Choma, ndinasuntha mwala. Nkhalamba ya maso akufa ngati ine! Ndiye inu, a mabuku a zithunzi, a aphunzitsi olipidwa, a nsapato kumapazi, mukandiuze kuti n'zakale? Iwe Dalitso ukuti chaka chamawa ukufuna kukaphunzira za migodi. Udzatsika pasiteshoni pomwe paja. Achipewa chofiira sanathe, anangosintha zipewa, ndipo munthu wosadziwa kumene akupita amamuona akadali patali.

Koma za apongozi ndisakusiyireni m'njira. Panapita chaka chathunthu ndisanalimbe mtima. Ndinkaopa kuwalozera molakwa, poti kunamizidwa njira ndinali nditakulawa. Ndinatenga buku lija kupita nalo kwa aphunzitsi aakulu a pasukulu ya ana, tinaliyala pansi pabwalo, kum'mawa kwa buku kuyang'ana kotulukira dzuwa. Tinaika udzu wowongoka kuchokera pa Chipata kufika pa Mansa. Udzuwo unaloza kumene limalowera dzuwa la nyengo yozizira, kupendekera pang'ono kudzanja lamanja. Ndinabwereza kunyumba katatu, masiku atatu, ndipo katatu konse unaloza pamtengo wa msuku umene unali kumapeto kwa munda wathu.

Nthawi imeneyo apongozi sankaonanso n'komwe. Tsiku lachinayi, dzuwa litapepa, ndinawatulutsa panja n'kuwaimika pakati pa bwalo. Ndinawagwira mapewa n'kuwatembenuza pang'onopang'ono.

"Amayi, mukulimva dzuwa pankhope?"

"Ndikulimva."

"Tembenukirani pang'ono kumanja. Pang'ononso. Basi, imani pomwepo. Mukayenda osakhota, muoloka Luangwa, mukwera mapiri a Muchinga, mudutsa madambo aakulu a Bangweulu. Kuseri kwake ndi ku Mansa. Mwana wanu ali uko."

Kenaka anafunsa, "Mwatsimikiza, Natembo?"

Ndinati, "Ndatsimikiza, amayi. Ndawerenga ndekha."

Anagwada pomwepo pafumbi, n'kuyamba kumuitana mwana wawo ndi dzina lake laubwana, limene ine mkazi wake ndinali ndisanalimvepo. Atatha anandipempha kuti ndikhome chikhomo pamalopo, ndi china patsogolo pake, kuti azipapasa okha ine ndikakhala kumunda. Anakhala zaka zina zinayi. M'mawa uliwonse ankatuluka ndi ndodo yawo, kupeza chikhomo choyamba ndi phazi, chachiwiri ndi ndodo, n'kugwada. Ndipo pamene ankamwalira anatiuza kuti zikhomozo tisazule mpaka chiswe chitazidya chokha.